Mapulagi ali m'thireyi ya mazira

Amake mwana,

Pepani, ndatuluka musanabwere kuchokera kumsika. Mapulagi anayi ali m'thireyi ya mazira patebulopo musawasunthe chonde, ndawandandalika monga amakhalira mu injini ya galimoto yathu yampikisano. Mazirawo ndawaika m'mbale yaikulu, limodzi lokha ndi lomwe latisiya.

Tayang'anani pulagi yachitatu. Yayera mbuu kunsonga, pamene enawo ndi ofiirira bwinobwino. Ndiye kuti chikwezereni mphamvu ya tebo yopopera mpweya mu injini, kompyuta yakale ya galimoto ija ikulephera kuthira petulo wokwanira, ndipo injini ikupsa m'kati. Munandiuza mwezi watha kuti mukamayandikira pothera mpikisano imamveka ngati ikutsokomola, ine n'kumati ndi makutu anu. Ndagonja, munkanena zoona.

Ndapita kwa achimwene anu kukatenga kompyuta yatsopano ija, mawa tiike n'kuichuna. Injini ikapanda kukhazikika pofika Lachisanu, mpikisano wa Loweruka simuyendetsa, ngakhale mundikwiyire sabata yathunthu. Injini ikaphulika ndikhoza kumanga ina, koma pachiwongolero paja pamakhala inu, ndipo inu mulibe sipeya.

Ndine wanu wamakani uja,
Bambo a mwana