Ndinathira Mchere M'ndiwo za Atate

Zemba, Chadiza
9 Juni 1986

Okondedwa achimwene a Yoweli,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Luanshya, pamodzi ndi alamu anga a Zelesi ndi ana. Ife kuno tingoti tilipo, poti tikupuma. Mtedza tinakumba, koma wousamala palibe. Zakhuta chaka chino ndi mbuzi.

Telegalamu ija inangoti atate akudwala, sinanene zonse. Atate anagwa pafupi ndi nkhokwe. Mbali yonse ya kumanja inafa, dzanja ndi mwendo womwe, ndipo sakulankhula. Munthu uja ankamveka mudzi wonse akamaitana ng'ombe, lero akungotuluka malovu. A tcheyamani a chipani anatibwereka ngolo, tinakafika kuchipatala cha ku boma dzuwa litapendeka. Tinakhalako masabata awiri, kenaka anatibweza kumudzi atate ali chigonere.

Tsopano imvani chimene chikundidya mumtima. Sindinauzepo ngakhale azakhali.

Kutatsala masabata atatu kuti agwe, ine ndinali kumwezi. Pepani kukulemberani zotere, koma manyazi andipweteketsa kale. Pakhomo panalibe wina wondithirira mchere monga mwa mwambo, ndiye ndinathira ndekha m'ndiwo, ndikuti palibe wandiona.

M'mawa mwake atate akumwa thobwa, chikho chinawapulumuka. Nditawayang'ana, pakamwa panali patakhotera mbali imodzi. Anafuna kundiitana koma dzina langa linawakanika, lilime litalemera ngati aledzera. Pasanapite nthawi yoti madzi n'kuwira, zonse zinatha. Anaseka, n'kunena kuti anagonera dzanja.

Ine mtima unangoti myuu. Ndinati basi, ndawadula atate anga ndi mchere uja. Ndikanati tipite kuchipatala, azakhali akanayamba kufunsa kuti akuthira mchere pakhomo pano ndani, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa. Ndiye za kuchipatala ndinazileka. Ndinapita mobisa kwa a Zakeyu asing'anga kukatenga mankhwala a mdulo, n'kumaika m'phala. Atadandaula za mutu ndi chidima m'maso, ndinangowonjezera mankhwalawo.

Ku boma adokotala anafunsa ngati panachitikapo china m'mbuyomu. Nditafotokoza za chikho chija, anapukusa mutu. Anati matendawa ndi sitiroko, amadza ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo tsiku lija linali chenjezo. Akuti pakamwa pakakhota, dzanja likafooka kapena mawu akasokonekera, ngakhale zitatha zokha, munthuyo muthamange naye tsiku lomwelo. Akuti tikanabwera akanawayeza n'kuwapatsa mapiritsi, mwina bwenzi lero akuyenda. Mchere anautchuladi, koma sanafunse wothira. Anati vuto ndi kuchuluka kwake, ndi fodya wawo wa chingambwe uja.

Ndiye onani, achimwene. Ndinkathawa mlandu umene sindinapalamule, n'kupalamula weniweni.

Dzulo powamwetsa phala ndinawaululira zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, m'diso lakumanzere mukutuluka misozi. Kaya ndi kukhululuka kaya ndi mkwiyo, sindidzadziwa, chifukwa adokotala sanatipatse chiyembekezo choti mawu adzabwerera. Poti iwo sangandiyankhe, ndapota nanu, ndiyankheni inu.

Bwerani msanga, musadikire tchuthi cha Khirisimasi. Mmene ndikuwaonera, sindikhulupirira kuti aiona mvula yoyamba. Ndipo mutu uja munkadandaula chaka chatha, musauchepetse. Kayezetseni kuchipatala cha mgodi musanakwere basi, akuti zimatsata kumtundu. Kusamala awiri ine sindingathe.

Masiku ano ndiwo ndikuphika zopanda mchere. Mukukumbukira mmene atate ankakankhira mbale mchere ukachepa, mpaka malemu amayi kukalirira kuseri kwa nyumba? Tsopano amangomeza chilichonse chimene ndawapatsa. Ndimakhala pambali pawo, kulakalaka atakankha mbale ija kamodzi kokha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Chauta akusungeni ndi kukuyendetsani bwino panjira.

Ndine mlongo wanu wosweka mtima,
Elinati