Usadzatsikire pa Mkuyu

Nyumba za Aphunzitsi,
Murehwa.
9 Novembala.

Wokondedwa mwana wanga Ropafadzo,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Francistown pamodzi ndi anamwino anzako. Kodi chifuwa chija chinasiya? Kuno mvula sinayambe, kukutentha koopsa. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikukunamiza kuti kunyumba zonse zili bwino. Pakamwa pandikanika, mwina cholembera chinena.

Ukukumbuka kuti mu Ogasiti tinafulula mowa wobweretsa mzimu wa bambo ako kumudzi, chaka chitakwana chimwalirire. Iwe anakukaniza tchuthi. Koma unandiimbira n'kunditsina khutu kuti akadzandipatsa beseni la madzi losankhira wolowa m'malo mwa mwamuna, ndidzalipereke kwa azakhali ako a Marwei, anthu onse adziwe kuti sindifunanso banja. Ndinavomera. Pambuyo pake ndinakuuza kuti ndinachita zomwezo.

Ndinanama, mwana wanga. Madzi aja ndinawapereka kwa Takawira, bambo ako aang'ono.

Usang'ambe pepalali, tamva kaye. M'mawa wa tsikulo azakhali ako anandikokera kuseri kwa khola. Akuti ndikapereka madzi kwa iwo, abale adzanena kuti pakhomo palibe mwamuna, mwana ndi mmodzi yekha, wamkazinso, ndiye munda ndi nyumba zibwerere kumtundu. Amvekere, mlamu, ingomupatsani Takawira, n'zadzina chabe izi, mkazi ali naye, nyumba ali nayo ku Chitungwiza, angafunenji kwa nkhalamba ngati inu? Mpaka tinaseka. Ndani angakayikire mlongo wa mwamuna wake pa tsiku lotero?

Komanso Takawira ndinamulera ndine. Anabwera pakhomo pathu ali Giredi 4, mamina ali mbwee, ndinkamuchapira zofunda akakodzera. Ndinkati ndikupereka madzi kwa mwana wanga.

Chibonga cha bambo ako, chimene wamasiye amalumpha posonyeza kuti anadzisunga, ndinachilumpha osapunthwa, amayi n'kululutira. Kenaka ndinanyamula beseni, n'kudutsa amuna onse amene anandandalika pamabenchi, n'kukagwada pamaso pa Takawira. Anasamba m'manja pang'onopang'ono, akuyang'ana denga la nyumba yathu. Ine ndinkati ndi manyazi.

Patangotha masabata awiri, ndikuchokera kusukulu ndinapeza lole pabwalo. Mkazi wake, make Shupikai, anali atapachika kale makatani ake kuchipinda kwanga. Loko wa pachitseko anali wina. Nditafunsa, Takawira sanakweze n'komwe mawu. Akuti mayi, mukudabwa chiyani, si munandisankha nokha mudzi wonse ukuona? Akuti mwamuna sagona kubwalo pakhomo pake, ndipo ngati ndikufuna kukhala, kukhitchini malo alipo.

Ndinathamangira kwa azakhali ako. Ndinawapeza akusenda mtedza, ng'ombe yathu ya mawanga ija ili m'khola mwawo. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti, mlamu, madzi akatayika saoleka, inu ophunzira mumadziwa zimenezo kuposa ife.

Kukhitchini ndinagonako masiku khumi ndi limodzi, pafupi ndi nkhuku zoikira. Ndinapirira poganiza kuti bola ndizionako manda a bambo ako m'mawa uliwonse. Make Shupikai ankanditchula mkazi wamng'ono. Ankandikuwira pawindo kuti aphunzitsi, tatitungiraniko madzi, paja inu ndinu akatswiri onyamula beseni! Tsiku lina anathyola mango osapsa mumtengo umene unabzala uja n'kupatsa mbuzi, ine ndikuona. Ndinamulankhula mawu amene sindingalembe pano. Madzulo omwewo zovala zanga zinali panja pa mpanda. Ndikutola, anandiponyera beseni lija, akuti tengani, mwina mukasankhira wina kumene mukupitako.

Chigayo chathu chija Takawira anachigulitsa kwa munthu wa ku Mutoko. Zithunzi za bambo ako anazichotsa pakhoma, sindikudziwa kumene anaziika. Jekete lawo la bulauni ndinaliona Lamlungu kutchalitchi, Takawira atavala, manja ake atapinda chifukwa ndi lalitali. Ndinatuluka nyimbo isanathe.

Panopa ahedi anandipatsa kachipinda kamene tinkasungiramo mabuku akale. Ndimagona pakati pa makatoni. Aphunzitsi anzanga akuti ndipite kukhoti, lamulo lili mbali yanga. Mwina n'zoona. Koma mboni yanga adzakhala ndani, poti onse anandiona nditagwada? Ndipo ndikawina, ndizikakhala ndi yani pamudzi pamene aliyense ndi m'bale wa Takawira? Mphamvu zandithera, mwana wanga. Ndatopa.

Lachiwiri lapitali ndimaphunzitsa a Fomu 3 mawu a Chingerezi onena za kulanda. Azungu alemera nawo mawu amenewa. Lilipo la asilikali akalanda boma, lina la achiwembu akalanda ndege, lina la apolisi akalanda katundu pachipata, linanso la wakuba wotsomphola chikwama pamsika wa Mbare. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikuwalemba pabolodi osamva kanthu. Tsiku limenelo ndinayamba kufunafuna langa. Sindinalipeze. Onse aja mwini wake amakana, amakuwa, amalimbana. Ine ndinachita kunyamula ndi manja awiri n'kukapereka nditagwada. Choko chinandigwa, ndinangouza ana kuti awerenge okha, n'kukakhala kuseri kwa kalasi.

Zimenezi n'zimene zikundidya kuposa nyumbayo. Iwe unaona patali uli kutali, ine mphunzitsi ndinapusitsidwa ndili pomwepo. Malata amene unatumiza chaka chatha aja akufunda anthu ena chifukwa cha ine. Nyumba imene bambo ako anaumba njerwa zake ndi manja awo kuti idzakhale yako, ndinaigulitsa ndi madzi a m'beseni.

Sindikupempha kanthu koma ziwiri. Choyamba, undikhululukire. Ukalipe mmene ungathere, ndimva, koma usandikhalire chete. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Chachiwiri ndi cha ulendo wako wa Khirisimasi. Unandiuza kuti wagula maluwa apulasitiki oti ukaike pamanda a bambo ako. Takawira walamula kuti aliyense wofuna kuona mandawo ayambe wagwada kwa iye monga bambo wa pakhomo. Ndikukudziwa, mtima unatengera bambo ako, sungagwade, ndipo ndikuopa zimene zingachitike. Wogwada mmodzi wakwana m'banja muno.

Undiperekere moni kwa a Mma Kefilwe, eni nyumba ako, uwathokoze chifukwa chokusamala. Mulungu akusunge, akupatse nzeru zoposa za mayi ako.

Ukadzakwera basi ku Mbare, kondakitala adzafuna kukutsitsa pa mkuyu monga mwa nthawi zonse, paja amakudziwa. Usadzatsike. Udzangoyang'ana pawindo, denga lidzaoneka. Udzapitirire mpaka pasukulu, ufunse chipinda cha mabuku. Udzandizindikira ndi beseni labuluu lija pakhomo, ndi limene ndikusambira.

Ndine mayi ako,
Nyarai