Madzi Kaye

Lolemba, 6 Okutobala

Azakhali a Sithabile aimba foni kuchokera ku Joni. Akubwera Loweruka kudzatenga agogo, kukawasiya kunyumba ya okalamba. Malo apeza kale. Ati bambo sakudziwanso munthu, kukhala kuno ku Sizinda mu Bulawayo kapena uko n'chimodzimodzi. "Iwe Mqondisi ungasamale munthu? Fomu 2 yeniyeniyo inakukanika."

Inandikanikadi. Koma chiwagwereni sitiroko amawasambitsa ndani? Phala amawamwetsa ndani?

Ndati mdalayo alipo m'katimo, wangotinyanyala. Ati ukandionetsa ndi maso angawa ndiwasiya. Ine: mudzaona. Pakamwa pangapa. Ndionetsa chiyani? Munthu sayankhula. Maso kukhoma tsiku lonse.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndatulutsa Ntombi m'shedi. Kainjini kanthunzi kaja agogo anapanga okha akuyendetsa sitima zamalasha. Msinkhu ngati mwana wa mbuzi, koma kulemera kwake msana wanga ukudziwa. Ana a mumsewu muno tonse tinakwerapo pakangolo kake, kuzungulira mtengo wa mandimu pa tinjanji. Lero dzimbiri lokhalokha. Mavu amanga m'chumuni. Andiluma khutu, latupa ngati chitumbuwa.

Ndalowa kukawaonetsa khutulo. Ndati mkulu, chibwenzi chanu chija ndalanda, mukachedwa ndikwatira. Kale akanandigenda ndi chipewa. Zii.

Phala adya theka.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndamasula zonse. Tizitsulo mbwee pamkeka. Ndajambula pafoni ndisanamasule, koma tiwiri tatsala ndipo sindikudziwa kwawo.

Paipi yamadzi yang'ambika. Zenzo, mnzanga wowotcherera mageti, wandipatsa ina ya mufiriji yakufa. Yakwana titaipinda. Iye maso pa mkuwa basi. "Bwanawe, ugulitse ichi ugule foni ya anthu. Kapena ukachiphulitsa undiitane, ndimakonda nyama ya pamaliro." Galu ameneyu. Koma wawotcherera bwino.

Ndikupukuta kagalasi koonera madzi, mawu a agogo anandibwerera. Lamulo lawo linali limodzi. Usanakhudze machesi, ona madzi m'kagalasi. Moto pa boyila youma umasungunula mtovu wa m'mfundo, ndiye kwatha, ukataye. "Madzi kaye, moto pambuyo, chitsiru iwe." Ankanena ngakhale ndikuyatsa mbaula ya tiyi. Chipewa phaa m'mutu.

Ndingalole zipewa zonse za mu Bulawayo lero.

Lachinayi, 9 Okutobala

Mipopi yauma ngati kale. A pachitsime ndi amchere, agogo ankati amadwalitsa Ntombi. Ndakapempha a m'thanki ya kutchalitchi. Ndati ndi a wodwala. Si bodza kwenikweni.

Malasha ndatola m'mbali mwa njanji. Wezulo wake anasowa kalekale, ndapanga wina ndi pampu ya njinga. Ndauzira. Kulira ngati nkhuku yachitopa. Ndafupikitsa, wayamba kumveka ngati sitima yachimfine. Bola.

Azakhali atumiza uthenga: uchape malaya awo, ulonge m'chikwama chabuluu. Sindinayankhe. Ndachapa koma.

Mawa ndiyatsa injiniyo. Ikakana kuyenda? Ikayenda agogo osatembenuka?

Lachisanu, 10 Okutobala

Yayenda.

Zonse mwa dongosolo lake. Madzi, kagalasi, tinkhuni, malasha, mafuta m'mawilo. Inayamba kutsokomola, kenaka tchu tchu tchu kuzungulira mandimu. Utsi uja, fungo la ubwana wanga. Ana a mumsewu thi pampanda. Zenzo kuvina.

Agogo ndinawakhazika pampando pakhonde, bulangete m'miyendo. Ndinaliza wezulo m'kalizidwe kawo: kamodzi kotalika, kawiri kofupika. Momwe ankalizira akamalowa m'tauni kuti malemu agogo aakazi atereke madzi osamba.

Palibe. Maso pansi. Malovu pachibwano. Kenaka tulo.

Ndinauza ana kuti dalaivala wamkulu ali pa sitiraka. Anaseka. Ine ndinapita kuseri kwa shedi. Utsi wa malasha umawawa m'maso.

Mwina azakhali akunena zoona. Mwina ndikusambitsa nyumba yopanda mwini.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndilembe basi.

Azakhali anafika m'mawa ndi galimoto yahayala. Anagwada pamaso pa agogo, "Bambo, ndine Sithabile." Zii. Azakhali anandiyang'ana mopanda ukali, zimene zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Chikwama chabuluu m'galimoto.

Ndinati dikirani atsanzikane ndi chibwenzi chawo chija. Ndinakokera Ntombi pakhonde, pamapazi pawo penipeni. Ndinatsegula kampopi ka pansi, madzi onse chololo pasimenti mpaka kunyowetsa masilipasi awo. Kagalasi mbee. Ndinakagogoda ndi chikhadabo kuti aone. Tinkhuni m'ng'anjo, palafini pang'ono. Ndinati mkulu, masiku ano timayendetsa youma, zamadzi n'zachikale.

Ndinkati ndingowaopseza. Machesi anayaka, iwo osasuntha. Ndiye ndinaponyadi. Moto lawi. Ntchito ya moyo wawo wonse, ine ndikuiwotcha dala. Utoto unayamba kununkha. Boyila kuthetheka. Ndinati basi ndapha onse awiri, Ntombi ndi agogo.

Kenaka dzanja. Lamanzere, lomwe sitiroko sinagwire. Gwi pamkono wanga, zikhadabo kulowa. Maso osati kukhoma, pa ine. Pakamwa popotoka kulimbana, kulimbana.

"Madzi."

Ndinakokolola moto ndi supuni ya phala, makala mbwee pakhonde, chala chapsa. Iwo osandisiya. Panatuluka mawu ena, osamveka bwino. Azakhali: ati chiyani, ati chiyani? Ndinati ati ndine chitsiru. Azakhali anakhala pansi pamadzi pomwepo ndi diresi lawo la ku Joni.

Chikwama atsitsa okha. Wagalimoto wapita wopanda munthu. Ati tiyese mpaka Khirisimasi, ndipo ukadzayatsanso moto pafupi ndi bulangete la bambo ndidzakupha ndi manja.

Ntombi sindinamuone ngati wapsa m'kati. Ndikuopa. Mawa ndithira madzi ndione ngati akudontha. Akadontha ndidzawauza bwanji? Tsopano poti akumva.