Kachewere Safuna Matailosi

Mudzi wa Chimwala,
Lobi, Dedza.
16 Julaye 2024

Wokondedwa mwana wanga Pilira,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Joniko pamodzi ndi adzukulu anga. Kuno ndadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chalowa m'mafupa, m'mawa nkhungu imatsika mpaka pakhomo osaona ngakhale khola. Akundilembera ndi a Flossie a kumphakati kwathu, ndipo andichenjeza kale kuti ndisachulutse gaga m'diwa. Udabwa kuti bwanji kalata foni ilipo. Foniyo ndi ya amalume ako a Yeremiya, ndipo ndikamalankhula nawe amaima pomwepo, ati akudikira foni yawo. Pali mawu ena osafuna khutu lachitatu. A Flossie akuti iwo si khutu, ndi dzanja chabe.

Ndalama za matailosi zinafika, sindinakhudzepo ngakhale ya sopo. Koma ntchito sinayambe, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ukudziwa kuti pamudzi pano ine ndine mkamwini. Chitisiyireni mayi ako Rute chaka chatha, abale awo sanandisudzule. Tsopano amalume ako anena kuti mwambowo uchitika mwezi wamawa tikamaliza chiliza. Akandisudzula ndiye kuti andionetsa njira yobwerera kwathu kuseri kwa Chimbiya, ndipo kumeneko, mwana wanga, ondidziwa onse ali kumanda. Masiku ano ndikungozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndikakhala pansi ndadzuka, ndikafika kudimba ndaiwala chimene ndadzera.

Koma ndiyambe ndi amisiri, poti unati ndifunse angapo ndisanasankhe. Nyumbayi ndinaiyeza ndi mphasa, monga tinachitira ndi mayi ako poimanga: pabalaza zisanu, chipinda chako zitatu, changa ziwiri ndi theka. Woyamba kubwera anali Macdonald wa pa Chimbiya, panjinga yamoto, nsapato zosongoka ngati mlomo wa khasu latsopano. Nditamuuza za mphasa anaseka mpaka kugwira khoma.

"Madala, matailosi sitiyeza ndi mphasa. Timayeza masikweya."

"Nanga sikweyayo ndi wamkulu bwanji?"

Anatambasula manja uku ndi uku. Ndinati, "Ndiye akabwera mnzako wa manja aafupi nyumba yanga ikula?"

Anatulutsa tepi, wee apa, wee apo, asanakhale pansi n'komwe anali atatchula kale mtengo wa ng'ombe ndi mwana wake. Ati theka ndimupatsiretu, matailosi akagula yekha kwa m'bale wake. Nditafunsa kumene anagwirako ntchito kuti ndikaone ndi maso anga, anatchula ku Lilongwe, kumipanda kumene agalu sangandilole kufika pageti. Ndinampatsa mbatata yootcha, tinatsanzikana mwaulemu.

Achiwiri ndi a Timoteyo a kuboma, amene anaika matailosi kwa a Flossie. Kumeneko ndinapita ndekha, ndinavula nsapato n'kupondaponda ngodya zonse ngati wovina, palibe linagwedera. Iwo atafika kuno sanayambe ndi tepi. Anagwada n'kumagogoda pansi ndi mpini wa hamala.

"Mukumva, bambo? Apa pakulira ngati ng'oma. Simenti inalekana ndi dothi. Tikaika pamwamba pake, Khirisimasi idzapeza atasweka."

Ati pansi ponse mpofunika kugumula n'kuthiranso simenti kuti pafanane. Ati tisagule onyezimira aja unawaona m'nyumba za azungu, chifukwa ndi matope a ku Lobi munthu wamkulu angaterereke n'kuthyoka chiuno, koma okhakhala pang'ono. Tikagule tokha kusitolo iwo atatiperekeza, tiwonjezere katoni imodzi ya odula m'mbali ndi osweka panjira, ndipo malipiro awo ndi chipinda chikatha, osati asanayambe. Mtengo wawo sukusiyana kwambiri ndi wa Macdonald, koma za mphasa zija sanaseke. Anayeza imodzi, kenaka nyumba yonse, n'kunena kuti mayi ako sanalakwitse.

Tili m'chipinda changa, anatulukira amalume ako. Anaima pakhomo, manja kumbuyo, kuyang'ana kudenga, kuyang'ana pansi.

"Alamu, mkamwini akayamba kuika matailosi ndiye kuti akuti chiyani?"

"Si ine, alamu. Ndi mbumba yanu, Pilira."

"Ayi, n'zabwino. Pabalaza ikani, chipinda chake ikani. Koma ichi musavutike nacho. N'chozizira bwino, dzuwa sililowa. Ndimaganiza zodzasungamo mbewu ya kachewere. Kachewere safuna matailosi."

Ananena akuseka, inenso ndinaseka, monga amachitira alamu. A Timoteyo anangoyang'ana hamala yawo.

Usawakwiyire amalume ako. Nditabwera pamudzi pano ndili mnyamata, ndi iwo anandibwereka khasu loyamba, ndipo chaka chatha mbewu yawo inaolera m'khitchini, ndiye mtima wawo uli pa kachewere. Ndinawaperekeza mpaka pa mtengo wa mapichesi uja anadzala mayi ako. Pamenepo anasiya kuseka.

"Alamu, nyumbayo si yanga, si yanunso. Yaima pa dothi la mlongo wanga, ndiye mwini wake ndi Pilira. Iye atanena kuti bambo anga akhale, ine ndine yani? Pa tsiku losudzula ndinganene pamaso pa anthu kuti mwana wakana. Koma sananene."

Sunanene, n'zoona. Inenso sindinakufunse. Unganene bwanji chinthu chimene sunauzidwe? Iwe ukuganiza za pansi posalala poti adzukulu adzakwawepo, pamene kuno anthu akuyeza chipinda ndi matumba. Ndipo mkamwini sapempha malo, amangolima. Njerwa za nyumbayi ndinaumba ndekha kudambo, mayi ako akutunga madzi iwe uli kumsana, koma njerwa sizilankhula pabwalo.

Nditabwerera m'nyumba a Timoteyo anafunsa motsitsa mawu, "Nanga chipindachi tiwerengere?" Ndinati adikire. Ndiye apanga mitengo iwiri, wina chipinda changa chilimo, wina mulibe, ndipo mitengoyo akuuza okha ukawaimbira. Kusiyana kwake si kwakukulu, makatoni ochepa ndi simenti pang'ono, ndalama unatumiza zikukwana konse kuwiri. Vuto ndi nthawi. Ati matailosi agulidwe onse tsiku limodzi, chifukwa ukabwereranso mwezi wina umapeza mtundu uja unatha, otsalawo akusiyana maonekedwe. Simenti nayo ikukwera ngati ili ndi mapiko. Komanso mwezi uno ukatha a Timoteyo ali ndi ntchito ina kuboma, sangatidikire mpaka kalekale.

Dzulo ndinatulutsa katundu wa pabalaza kuti ndikonzekere, ndinamulowetsanso. Ndinatsitsa sutikesi ija ya malata, ndinaipukuta, ndinaibwezera pamwamba. A Flossie akuti ndisiye kuyendayenda pamene ndikulankhula, ndikuwachititsa chizungulire.

Kalatayi abweretsa ndi a Levison amene akukwera basi Lachisanu. Ukawerenga usaimbe kwa amalume ako poyamba. Uimbe kwa a Timoteyo, nambala ili kuseriku. Usavutike ndi mawu ambiri, ndikudziwa kuti mayunitsi ndi odula. Ungoti werengerani, kapena siyani. Ine ndidzamva.

Upereke moni kwa apongozi anga bambo a Sungeni, uwathokoze chifukwa cha jekete lija, ndi limene likundisunga. Sungeni ndi Faith uwauze kuti mapichesi a agogo awo ayamba kutupa timaso, akadzabwera mu Disembala adzapeza akupsa, ndipo nthano ija ya fisi wa pa Chimbiya ndinawasungira mathero ake. Kumanda kwa mayi ako ndinalambula Loweruka.

Ukati siyani, sindidzakwiya, mwana wanga. Kachewere wa amalume ako ndidzamulowetsa ndekha ndisananyamuke, chifukwa ndine ndikudziwa pamene pamadontha.

Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine bambo ako,
Anselmo,
ndikadali pakhomo pa mayi ako.