Khoma la Amayi Ajira

Lolemba, 4 Okutobala 1993

Chiponde. Kutentha koopsa. Ndakonza njinga zinayi lero, zitatu matayala, imodzi tcheni. Mwana wanga Sakina chifuwa chachepako. Wamaliza phala lonse.

Albino wabwera ndi njinga yake yakufa ija. Bambo wa ku Mozambiki, wothawa nkhondo, amene amalemba mayina pa magolosale. Akuti lole yobwerera kwawo ndi kumapeto kwa mwezi uno, akufuna njinga izikayenda kumeneko. Ndamuuza kuti ndikonza yonse, masipoko mpaka chishalo. Iye andijambulire amayi Ajira pa khoma la nyumba, loyang'ana ku msewu.

Wayang'ana khomalo. Kenako akuti, "Kwathu ndinkajambula akuluakulu a mfuti pa makoma a boma. Wa lumo ndi ulusi sindinajambulepo." Wavomera.

Amayi Ajira, mzamba. Anafika kuno ndi nkhondo, chitenje chimodzi ndi beseni. Sakina anatsogoza miyendo pobadwa. Galimoto yopita ku chipatala kunalibe. Mkazi wanga Zena anali atasiya ndi kulira komwe. Mayi uja anatulutsa onse awiri amoyo. Amwalira mwezi watha, malungo, masiku atatu okha. Manda awo mulu wa dothi, dzina palibe. Anthu akwawo akupita lole ndi lole. Chaka chamawa adzawatchula ndani?

Lachinayi, 7 Okutobala

Khoma ndalizira bwinobwino, lauma. Penti ndi wotsala wa njinga, wakuda, wofiira, wabuluu pang'ono. Woyera ndapempha kwa a golosale. Albino akujambula za m'mutu, chithunzi chawo palibe amene ali nacho. Tatchinga ndi mphasa ziwiri kuti anthu asaone msanga.

Zena akuti, "Amalume mwawauza?"

Ndati kuwauza chiyani, zidina ndinaumba ndine, kumanga ndine. Wapitiriza kusinja.

Sadaka ya masiku makumi anayi ya amayi Ajira ndi Loweruka la sabata yamawa. Ndidzachotsa mphasa tsiku limenelo. Kwathu ku Nkopola tikamanga chiliza timavundukula anthu atasonkhana, kwaya ikuimba. Kuno za Chisilamu sindizidziwa zonse, koma ulemu ndi ulemu.

Lachiwiri, 12 Okutobala

Albino watsiriza.

Ndi iwowo. Mpango wabuluu, mpata wa mano, chipsera cha pa chibwano. Manja aakulu aja atagwira beseni. Pansi walemba AMAYI AJIRA MZAMBA WA TONSE. Ndawerenga katatu, chilembo chilichonse chili bwino.

Sakina wasuzumira kuseri kwa mphasa, akuti "Agogo." Ndinanamizira kufuna sipanala m'bokosi.

Njinga ya Albino yatsala mabuleki.

Loweruka, 16 Okutobala

Zalakwika.

Duwa, pemphero lawo lija, itatha, mpunga utadyedwa, anthu akubwerera kudzera pa msewu, ndinachotsa mphasa. Ndimayembekeza nthungululu. Zii. Amayi ena anagwira pakamwa. Wina analira mokweza. Madoda anatembenuza nkhope ngati aona munthu akusamba.

Che Omari, amalume ake a Zena, mwini mbumba, anabwera pang'onopang'ono. Sanakuwe. Akuti, "Akamwini, munthu tamupumitsa lero, inu mwamudzutsa kumuimika pa msewu?"

Akuti kujambula nkhope ya munthu ndi haramu, n'koletsedwa, makamaka womwalira. Akuti nyumba ya zithunzi malaika, angelo, salowamo. Wakufa amakumbukidwa ndi duwa ndi sadaka, osati penti wa njinga. Anthu ena anaseka pamenepo.

Sindinkadziwa. Zaka zinayi pa mudzi uno, palibe anandiuzapo. Zena ankadziwa, anangondifunsa funso limodzi lija n'kusiya.

Koma duwa yatha masana omwewo. Mpunga watha. Mawa pa msewu pano padzatsala chiyani?

Lolemba, 18 Okutobala

Che Omari abweretsa okha ndowa ya njereza ndi burashi. Aika pa khonde. Akuti pofika swala, mapemphero a Lachisanu, khoma likhale loyera.

"Mukakana, tengani bulangete lanu ndi masipanala anu. Mwana ndi wa mbumba ino."

Anatero akumwa madzi amene ndinatunga ine.

Ndikudziwa lamulo lake. Mkamwini amabwera ndi manja, amapita ndi manja. Nyumba ya mkazi, munda wa mkazi, mwana wa kuchikazi. Nanga ku sikelo adzamutengera ndani pa njinga? Chifuwa chikayambiranso? Zena amaiwala mankhwala a masana. Lero ndaphonya chigamba kawiri pa chubu chimodzi.

Sindifufuta.

Ndalemba kuti ndizione ndi maso. Sindifufuta.

Lachitatu, 20 Okutobala

Njinga imodzi basi. A ku mzikiti akudutsa nazo zoguza, akukakonzetsa ku msika. Apite.

Koma azimayi akubwera. Amayerekeza kupuma pa mthunzi. Wina, Amida, wa ku kampu ya othawa nkhondo, wabwera ndi mapasa ake, wawanyamula mmodzimmodzi kuwagwiritsa dzanja la pa khoma lija. Akuti, "Tikupita Lolemba, achimwene. Manda sitinyamula. Koma ndidziwa kuti tawasiya ataima." Wachoka mothamanga, kuopa kuonedwa.

Albino akuti angathe kufafaniza nkhope yokha, asiye manja ndi beseni, mwina akulu aja angalole. Ndati manja opanda nkhope ndi a yani? Aliyense ali ndi manja. Che Omari ali ndi manja.

Zena wayankhula lero. "Mukukonda wakufa kuposa amoyo."

Ndati amoyowo anandipatsa ndi wakufayo.

Analowa m'nyumba. Ndinamva akuponya mbale mu dengu.

Chimene chikundisautsa ndi ichi. Amayi Ajira anali munthu wa swala, sankaphonya. Mwina eni ake akanandikalipira, akanati chotsa zimenezo mwana iwe. Sindikudziwa. Koma ndikudziwa kuti pamene ankagwira miyendo ya Sakina sanafunse ngati bambo wake ndi Mkhristu. Amene akulamula lerowa tsiku lija anali panja, pansi pa mango, akuyang'ana pansi ngati ine ndemwe.

Lachisanu, 22 Okutobala

Njereza ili pomwe anaisiya. Burashi youma.

Atatuluka ku mzikiti anabwera atatu. Anayang'ana khoma, anayang'ana ine. Che Omari akuti, "Mwasankha nokha." Ndati inde.

Masipanala ndamanga mu thumba la feteleza. Pampu. Bulangete. Buku lino.

Ndauza Zena za mankhwala, m'mawa, masana, madzulo, ndalemba pa chitseko ndi makala. Sanatuluke kundiperekeza. Sakina amaganiza tikupita ku sikelo, anathamangira chipewa chake.

Lachitatu, 3 Novembala

Nkopola, kwa achimwene a Davide.

Kukoka khoka. Ndinaiwala kuti chingwe chimadya manja chonchi. Njinga kuno ndi zochepa, anthu amakonza okha ndi mwala.

Achimwene sakutha kuseka. "Anzako amathamangitsidwa pa ukamwini chifukwa cha mowa kapena akazi. Iwe chifukwa cha penti! Tiwauza chiyani anthu ku tchalitchi?" Alamu akuti ndijambule nkhope yawo pa khitchini, mwina nawo angawathamangitse, akapumeko kwawo.

Asekeni. Ndikanachitanso.

Masiku khumi ndi awiri. Mwana wa oyandikana nafe akatsokomola ndimaimirira. Lole ya Albino iyenera kuti inapita. Ngati apaka khoma lija palibenso wodzajambula. Ine ngakhale nsomba sindingathe kujambula.

Mwina anapaka kale tsiku lomwelo. Mwina ndataya mwana chifukwa cha khoma loyera.

Lachiwiri, 9 Novembala

Simioni, amene amakagulitsa usipa ku Chiponde, wandipeza pa gombe.

Sakina ali bwino. Ndamufunsa kanayi. Wamuona ndi maso, akudya mango, wadetsa diresi.

Khoma lilipo.

Akuti che Omari anatuma amuna awiri kukapaka njereza, onse anakana mwaulemu. Wina ana ake atatu anadzera m'manja mwa amayi Ajira, wina mkazi wake. Akuti che Omari anatenga burashi okha, anaima pa khomapo nthawi yaitali, kenako akuti msana wawagwira. Msanawo mpaka lero. Sanakhululuke ayi. Akudutsa chakuseri kwa nyumba kuti asayang'ane, ndipo dzina langa salitchula.

Ndiye uthenga wa Zena. Simioni wanena kawiri kuti asalakwitse.

"Mukawauze bambo a Sakina kuti mvula yayamba kugunda ku Mandimba. Udzu wa mbali ya ku msewu ndi waufupi. Khoma likanyowa mayi aja atsika ndi dothi. Ine pa denga sindikwera."

Ndati nanga amalume?

Akuti Zena anawayankha pamaso pa anthu, atagwada bwinobwino, kuti nyumba ndi yake monga amanenera iwo omwe, ndipo wofolera denga lake asankha yekha.

Zena. Amene sayankha.

Udzu nthawi ino ndi wosowa, anthu anafolera kale. Simioni akuti cha ku Namwera ulipo kwa mayi wina. Mitolo isanu ingakwane ngati nditalikitsa ndi mkono umodzi. Nsungwi ziwiri. Luzi.

Achimwene akuti nditenge tambala wopepesera, ndikagwade kwa che Omari. Ndati moni ndikawapatsa, mpando ndikawapatsa. Tambala akhale.

Matola oyamba mawa. Mitambo yadetsa kale kumapiri uko, ndipo khoma lija ndinazira ndi dothi lamchenga, silingapirire mvula ziwiri.