Makhadi a Mitundu Isanu Andilanda Mnzanga

Aphungu,

Ndine bambo wokalamba, ndinali telala mpaka maso anatopa. Ndiyambire poyambira. Mkamwini wathu anatisiyira masewera a makhadi, aja okhala ndi zinjoka, mfiti ndi asilikali. Sukulu sindinapite patali, choncho timalemba ta Chingerezi tapamakhadipo sindiwerenga. Ndimadziwa chithunzi ndi mtundu basi.

Ofiira ndi amoto, amathamangira kumenya. Obiriwira ndi zinyama zikuluzikulu zochedwa kudzuka. Abuluu ndi okana, ukangoponya khadi lako akuletsa. Oyera amateteza, akuda amadzutsa akufa. Khadi lililonse limafuna mphamvu ya mtundu wake kuti ligwire ntchito. Mphamvuzo ndi makhadinso, ndipo wosewera aliyense amatola zonsezi pamulu wakewake.

Mayi akunyumba anasankha abuluu, ndipo sindinadabwe, kukana anayamba kale. Ine ndinatenga ofiira. Tinkasewera masana pathebulo langa lakale lodulira nsalu, wogonja n'kukaphika tiyi. Tinkaseka ngati tili pachibwenzi.

Ndiye mayiwo akapita kogula zinthu amandibweretsera khadi limodzi, lero lobiriwira, mawa loyera. Mphatso ya mkazi wako sungaiike pambali, zonse ndinkalowetsa mumulu wanga. Pano mulimo mitundu yonse isanu. Chinjoka chofiira chimabwera m'manja, koma mphamvu zili pathebulo n'zoyera. Ndimangochigwira chinjokacho ngati mwana wa eni, kenaka ndikawiritse madzi a tiyi.

Tsiku lina mayiwo anati, "Bambo, kusewera ndi inu kuli ngati kumenya pilo. Tiyi yekha ndiye mwafika pomudziwa." Tsopano amasewera pakhonde ndi aneba athu ometa tsitsi, ine n'kumamva kuseka ndili m'nyumba. Sindikuwaganizira zoipa ayi. Ndikungofuna mpando wanga. Koma ndikachotsa mphatso zawo mumulu, sadzakhumudwa?

G.W.C.

Bambo G.W.C.,

Kalata yanu yandisangalatsa. Ena amandilembera za mabanja osayankhulana, inu mukulimbirana mpando wamasewera!

Ndikufunseni monga telala: munasokapo suti ndi ulusi wa mitundu isanu? Mulu wa makhadi ulinso chimodzimodzi. Mitundu ikachuluka, mphamvu zimagawikana, ndipo khadi labwino limafera m'manja. Tengani iwiri yokha. Ofiira musawasiye, ndiwo mtima wanu, komanso abuluu amaopa munthu wowafulumirira asanakonzeke. Vuto la ofiira n'kutha mpweya msanga, ndiye apatseni mnzawo. Obiriwira angakuyenereni: moto uyambe ndewu, zinyama zidzamalize. Ikani makhadi ambiri ofuna mphamvu zochepa, zinjoka zikhale ziwiri kapena zitatu, ndipo mphamvu zikhale za mitundu iwiriyo basi.

Za mphatsozo, musachotse mobisa. Yalani makhadi onse pathebulo, muwaitane mayiwo, muwauze kuti, "Ndithandizeni kusankha oti ndikugonjetsereni." Munthu amene amakugulirani zida tsiku ndi tsiku sakufuna pilo, akufuna mdani woti amutulutse thukuta. Oyera, akuda ndi abuluu otsalawo asokereni kathumba kokongola, udzakhale mulu wachiwiri. Palibe mphatso yatayika.

Ometa tsitsiwo musawakwiyire, angokusungirani mpando. Muyambe mwasewera nawo iwowo kuti muyese mulu watsopano.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku limene mudzapambane, musadzavine mopitirira. Ndipo tiyi wa mayiwo akadzakhala wosafika pa wanu, imwani mwakachetechete. Anasiya kale kuphika tiyi, ndipo anawaiwalitsa ndinu.

Aphungu