Ng'oma zagona kwathu

Lachinayi, Novembala. Ndinadzuka ndi mkwiyo, ndikugona ndi manyazi okoma.

Boma lasiya kuthandiza magule, ndiye nyumba ya chikhalidwe ku Milange aitseka. Ng'oma za gulu lathu zinatsala momwemo, denga likudontha.

Masana ndangoona pakhomo panga a Jusitino, mlonda wa nyumbayo amene anawachotsa ntchito dzulo, akukankha njinga, ng'oma zitatu atazimanga ndi mphira. Akuti anapempha a shefi, bwana wawo, asanabweze makiyi.

"Amayi, zikopazi zikaola, muvinira chiyani?"

Komatu ndine ndinkawanena pagulu kuti amangogona pantchito! Ndawaphikira chinangwa, akana, ati njinga ndi yobwereka.

Ntchito yawo yatha, koma ife Loweruka tivina. Mawa ndipita kwawo ndi nkhuku. Kupepesako kaya ndikayambira pati...